Musanaike supercharger pa injini ya boti: mmene mungawerengere mafuta ndi ndalama

Mwezi wina wa chilimwe bambo wina amene ali ndi boti lonyamula alendo kugombe la Chintheche anafika pa galaja ina ku Luwinga, muno mu Mzuzu, atanyamula chitsulo cholemera m'thumba la saka. Chitsulocho chinali supercharger, pampu yokankhira mpweya mu injini, yochotsedwa pa Mercedes-Benz ya mtundu wa Kompressor imene inachita ngozi, ndipo iwo anali atauzidwa kuti akaimangirira pa injini ya boti lawo, botilo lizithamanga kwambiri kwinaku likumwa mafuta ochepa. Makaniko wamkulu wa pamalopo anachitembenuza chitsulocho, anazunguza pule yake ndi dzanja kuti amve ngati ikukhula, kenako anafunsa kuti: "Bambo, kodi panopa boti lanulo limamwa malita angati pa kilomita imodzi?" Eni botiwo sanathe kuyankha, chifukwa chimene ankadziwa n'chakuti zigubu zitatu zimawakwanira tsiku limodzi ngati alendo sanachuluke.

Ndinali pomwepo tsikulo, ndipo ndikuona kuti funso la makanikoyo ndi limene aliyense wofuna kuwonjezera mphamvu ya injini ya boti ayenera kuyamba kuliyankha. Supercharger imawonjezera mphamvu, koma siichepetsa mafuta, ndipo munthu amene sakudziwa mmene boti lake likumwera lero sadzadziwanso ngati ndalama zake zapindula kapena zalowa m'madzi.

Chimene chitsulochi chimachita

Injini ya petulo imatulutsa mphamvu molingana ndi kuchuluka kwa mpweya umene ikutha kumeza, pakuti petulo sayaka payekha: galamu imodzi ya petulo imafuna magalamu 14.7 a mpweya kuti ipse yonse. Supercharger ndi pampu ya mpweya yoyendetsedwa ndi lamba wochokera ku crankshaft, chitsulo chimene mapisitoni amazunguza, ndipo ntchito yake ndi kukankhira m'masilinda mpweya wopitirira umene injini ikanakoka yokha. Mpweya wotizungulira umapanikiza ndi mphamvu ya pafupifupi bar imodzi, choncho mukawonjezera bar 0.4, imene pa geji yolembedwa psi imaoneka ngati 6, mwapatsa injini mpweya wochuluka ndi pafupifupi 40 peresenti. Turbo imagwira ntchito yofananayo, kusiyana kwake n'kwakuti iyo imazunguzidwa ndi utsi wotuluka, osati lamba.

Mpweya wowonjezerawo umafuna petulo wowonjezera, ndipo apa palibe kuchitira mwina. Kuwonjezera apo, supercharger imadya gawo la mphamvu imene injini yapanga, popeza lamba uja sazungulira ulele. Chachitatu, chimene ambiri sachiganizira, n'chakuti mpweya ukapanikizidwa umatentha, ndipo kuti mapisitoni asasungunuke injini imapatsidwa petulo wochuluka dala, galamu imodzi pa magalamu 11.5 kapena 12 okha a mpweya, kuti petulo wotsalayo aziziziritsa m'kati mwa silinda. Petulo ameneyo mwamugula pa mtengo wa pa pampu koma sakankha boti ngakhale pang'ono.

Nanga maganizo akuti supercharger imapulumutsa mafuta amachokera kuti? Amachokera kumagalimoto, ndipo kumeneko ali ndi choona pang'ono. Galimoto yochoka ku Nkhata Bay kubwera ku Mzuzu imalimbana ndi zitunda kwa kanthawi, imasintha magiya, kenako imapuma pamalo athyathyathya ndi potsetsereka, motero injini yaing'ono yokhala ndi supercharger imatha kugwira ntchito ya injini yaikulu pa mphindi zochepa zokwera zija, n'kumamwa ngati yaing'ono nthawi yotsalayo. Boti lilibe potsetsereka. Madzi amaligwira kuyambira pamene lachoka pagombe kufikira litakocheza, ngati galimoto yodzaza katundu imene ikukwera chitunda cha Chiweta tsiku lonse m'giya imodzi. Ngakhale makampani aakulu anaona zimenezi: Mercury inatulutsa injini za Verado zokhala ndi supercharger mu 2004, koma mu 2018 inabweretsa injini za V6 ndi V8 za masilinda aakulu zopanda supercharger kuti zilowe m'malo mwa zambiri mwa zoyambazo. Volvo Penta, pa injini zake zina za dizilo monga D6, imaika zonse ziwiri, supercharger ndi turbo, koma supercharger imagwira ntchito injini ikamazungulira pang'onopang'ono ponyamuka, ndipo turbo ikangodzuka iyo imadzimasula.

Dziwani kaye injini ndi boti limene muli nalo

Maboti ambiri a pa nyanja yathu, kaya a asodzi a usipa ndi utaka kapena onyamula anthu ndi katundu kupita ku Usisya ndi Ruarwe, amayendera injini zakumbuyo za two-stroke, makamaka Yamaha Enduro za mahosipawa 15, 25 kapena 40. Injini zimenezi musaziganizire n'komwe pa nkhani ya supercharger. Zilibe mavavu ngati a galimoto. Mpweya wosakanizana ndi petulo ndi oilo umadutsa pansi pa pisitoni n'kulowa m'silinda kudzera m'mabowo a m'mbali, ndipo pa nthawi imene bowo lolowera lili lotsegula, lotulukira utsi limakhalanso lotsegula. Mukaukankha mpweyawo ndi mphamvu, ungodutsa n'kukathera m'nyanja pamodzi ndi petulo wanu. Nkhani ino ikukhudza kwenikweni injini za four-stroke, zokhala ndi mavavu ngati za galimoto, za m'kati mwa boti, monga za V6 ndi V8 zimene zimapezeka m'maboti a faibala a malo ogona alendo ndi a anthu ochita bwino.

Chachiwiri ndi maumbidwe a botilo. Pali maboti amene amakankha madzi pamene akuyenda, monga a matabwa olemera aja, ndipo pali ena amene akapeza liwiro amatukuka n'kumatsetsereka pamwamba pa madzi. Boti lokankha madzi lili ndi malire a liwiro amene amadalira kutalika kwake basi. Kuti mupeze malirewo m'makilomita pa ola, yezani kutalika kwa boti pamene likukhudzana ndi madzi, m'mamita, mupeze nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imabala kutalikako, ndipo muichulukitse ndi 4.5. Boti la mamita 9 limapereka 3 kuchulukitsa ndi 4.5, kutanthauza makilomita 13.5 pa ola, pamene la mamita 12 limafika pafupifupi 15.6. Likafika pamenepo, mphamvu iliyonse yowonjezera imangokumba dzenje kumbuyo, kutukula mphuno ya boti ndi kukulitsa mafunde. Ngati boti lanu ndi la mtundu umenewu, ndalama za supercharger zisungeni.

Kuyeza mmene likumwera

Sankhani m'mawa wa tsiku limene nyanja ili bata, zimene n'zovuta kuzipeza m'miyezi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi kufika mu Ogasiti kapena Seputembala. Mukweze katundu ndi anthu ofanana ndi amene mumanyamula masiku onse, chifukwa kuyeza boti lopanda kanthu kuli ngati kuyesa nsapato mutakhala pansi. Mufunika foni yokhala ndi GPS yoonetsa liwiro ndi mtunda, geji yoonetsa kuzungulira kwa injini, wotchi, kope ndi cholembera.

Njira yosavuta ndi kulumikiza injini ku thanki yaing'ono yonyamulika ndi kuiyeza pa sikelo yolendewera, yonga imene amagulira chimanga, musananyamuke ndiponso mukamaliza. Lita imodzi ya petulo imalemera pafupifupi makilogalamu 0.75, choncho ngati thanki yapepuka ndi makilogalamu 6, mwatentha malita 8. Muyende mtunda wodziwika, mwachitsanzo makilomita 3, kupita ndi kubwerera kuti mphepo isakunamizeni, injini ikuzungulira pamlingo umodzi osasintha. Mubwereze injini ikuzungulira ka 3,000, ka 3,500 ndi ka 4,000 pa mphindi, ndiponso mutatsegula moto wonse, ndipo pa mlingo uliwonse mugawe malita ndi makilomita. Nambala yofunika ndi imeneyo, malita pa kilomita, osati malita pa ola, popeza boti limene likumwa kwambiri pa ola koma likufulumira likhoza kufika kudoko litatentha mafuta ochepa kuposa limene likukwawa. Pa maboti ambiri otsetsereka pamwamba pa madzi mudzapeza kuti malo abwino ali pamene boti langotukuka kumene n'kukhazikika, ndipo kuchoka pamenepo kupita ku moto wonse mafuta amakwera mofulumira kuposa liwiro.

Mulembenso mlingo umene injini ikufika mutatsegula moto wonse ndipo muufanizire ndi umene unalembedwa m'buku la injiniyo. Ngati siikufika, vuto likhoza kukhala pulopela, ndere pansi pa boti kapena injini yotopa, ndipo palibe chimodzi mwa zimenezi chimene supercharger ingachize.

Masamu a mafuta

Amisiri a injini ali ndi miyeso yoyerekezera imene siphonya patali. Injini ya petulo ya four-stroke ikamagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse imatentha pafupifupi malita 0.31 pa hosipawa iliyonse pa ola. Ikakhala ndi supercharger imafika pafupifupi malita 0.37 chifukwa cha zija tatchula kale. Ya dizilo imatentha pafupifupi 0.21, pamene two-stroke ya kabuleta imafika 0.45 kapena 0.5, n'chifukwa chake injini ya mahosipawa 40 imatha kumaliza chigubu cha malita 20 pa ola limodzi.

Tiyeni tiyerekezere boti la faibala lokhala ndi injini ya V8 ya malita 5.7 yotulutsa mahosipawa 300, limene pa moto wonse limathamanga makilomita 70 pa ola. Limatentha 300 kuchulukitsa ndi 0.31, amene ndi malita 93 pa ola. Mukaika supercharger n'kufikitsa mphamvu pa 420, lizitentha 420 kuchulukitsa ndi 0.37, amene ndi malita 155 pa ola. Liwiro silikwera mofanana ndi mphamvu: pa maboti otsetsereka, kuti liwiro liwirikize kawiri mphamvu iyenera kuwirikiza pafupifupi kanayi, motero mphamvu yowonjezereka ndi 40 peresenti imangopereka liwiro lowonjezereka ndi 18 peresenti, kuchoka pa 70 kufika pafupifupi pa 83. Ulendo wochoka ku Nkhata Bay kupita ku Likoma ndi wa makilomita pafupifupi 70. Poyamba unali wa ola limodzi ndi malita 93. Tsopano ndi wa mphindi 51 ndi malita 131. Mwapulumutsa mphindi 9, mwalipira malita 38, ndipo mukadali ndi ulendo wobwerera. Muchulukitse malita amenewo ndi mtengo wa lero wa pa pampu, umene bungwe la MERA limalengeza. Mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, lita ya petulo inafika pa K2,530, ndipo mtengo sunaime pamenepo.

Wina anganene kuti iye sadzatsegula moto wonse, azingoyenda pa liwiro lake lakale. Ngati zili choncho, pulopela izifuna mphamvu yomwe ija, ndipo mafuta azikhala pafupifupi omwe aja kapena kukwera pang'ono chifukwa cha lamba, kutanthauza kuti wagula chitsulo chodula chimene sakuchigwiritsa ntchito. Ndiyenera kuwonjezera, monga munthu amene wakwerapo maboti a anthu ena, kuti sindinaonepo woyendetsa amene ali ndi mphamvu pansi pa dzanja lake n'kuisiya osaikhudza.

Pali malo amodzi pamene mphamvu yowonjezera ingachepetsedi malita pa kilomita. Ndi pamene boti lotsetsereka lalemedwa moti likulephera kutukuka, likuyenda mphuno m'mwamba matako m'madzi, injini ikubuula. Pamenepo m'pamene boti limamwa koposa, ndipo chilichonse chimene chingalikweze pamwamba pa madzi chimathandiza. Koma musanathamangire supercharger, yesani kusunthira katundu kutsogolo, kuchepetsa zolemera zosafunika ndi kuika pulopela ya pitch (kupendekeka kwa mapiko ake) yocheperako, pakuti nthawi zambiri zimenezi n'zokwanira.

Masamu a ndalama

Mtengo wa supercharger yokha ndi mutu chabe wa ndalama zimene mudzawononge. Zida zopangidwira maboti, monga za Whipple kapena ProCharger, zimagulidwa kunja pa madola masauzande angapo, ndipo aliyense amene wayesapo kupeza ndalama zakunja kubanki m'zaka zino akudziwa kuti mtengo wolembedwa pa intaneti si umene udzatuluke m'thumba. Muwonjezerepo zonyamulira, kaya pandege kapena kudzera ku Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe, komanso msonkho wa MRA, umene ndi bwino kuufunsiratu kwa wothandiza kuombola katundu musanalipire kalikonse.

Kenako pamabwera zimene supercharger imakoka pambuyo pake. Pampu ya petulo ndi ma injector opopera petulo mu injini ziyenera kukhala zazikulu kuti zipereke mafuta okwanira, ndipo kompyuta ya injini iyenera kukonzedwanso ndi munthu wodziwa, apo ayi kabuleta isinthidwe. Pafunika intercooler yoziziritsa mpweya wopanikizidwa uja pogwiritsa ntchito madzi a m'nyanja. Ubwino wathu ndi wakuti madziwo alibe mchere, koma ndi ofunda, pamwamba pake amakhala pakati pa madigiri 24 ndi 29 chaka chonse, choncho saziziritsa ngati a kumayiko ozizira kumene zidazi zimapangidwira. Pulopela iyenera kusinthidwa kuti injini isapitirire mlingo wake, ndipo inchi imodzi ya pitch imasintha kuzungulira ndi 150 kapena 200 pa mphindi. Mwendo wa magiya, umene umazunguza pulopela kumbuyo kwa boti, nawo uli ndi malire ake: wa MerCruiser Alpha One unapangidwira mahosipawa osapitirira 300, ndipo amene akufuna 420 ayenera kugula wa Bravo, umene mtengo wake ungafanane ndi wa supercharger yomwe. Pomaliza muike malipiro a amisiri, ulendo wokoka boti pakati pa nyanja ndi galaja, ndi masiku onse amene botilo likhala pamtunda osapanga ndalama.

Palinso ndalama zimene zimatuluka pang'onopang'ono. Oilo amafunika kusinthidwa pafupipafupi, malamba amatha ndipo sapezeka m'mashopu a zipangizo za galimoto a mumzinda muno, mapulagi amapsa msanga, ndipo injini imene ikanagwira ntchito zaka zambiri isanatsegulidwe idzafuna kutsegulidwa posachedwa. Kuti mudziwe ngati zonsezi zidzabweza, phatikizani ndalama zonse zoyambira n'kuzigawa ndi phindu limene mukuyembekezera pa mwezi. Popeza mafuta sakupulumuka, phindulo lingachokere kokha ku maulendo owonjezera kapena kwa alendo olipira zambiri chifukwa cha liwiro, monga okokedwa pamadzi. Ngati simungathe kulemba nambala ya phindu limenelo papepala mosadzinamiza, ndiye kuti mukugula chosangalatsa, ndipo palibe cholakwa kugula chosangalatsa malinga mukudziwa kuti n'chimene mukuchita.

Nanga chitsulo cha m'thumba la saka chija, chimene chinali chotsika mtengo? Ma supercharger a pa Kompressor, opangidwa ndi Eaton, anapangidwira injini za malita 1.8 kufika 2.3 ndipo amakankha mpweya wa pafupifupi lita imodzi kapena kucheperapo pa kuzungulira kumodzi. Injini ya bambo aja inali V6 ya malita 4.3, imene imameza malita 2.15 pa kuzungulira kumodzi. Makaniko anawalembera pachikatoni kuti chitsulocho chiyenera kuzungulira kawiri ndi pang'ono kuposa injini kuti chingofanana ndi mpweya umene injini ikukoka kale, ndipo kuti chipereke bar 0.4 chiyenera kuzungulira katatu, kupitirira 14,000 pa mphindi, osati kwa masekondi ochepa ngati galimoto ikudutsa inzake koma kwa ola lathunthu. "Bambo, chimene mupeze apa ndi mpweya wotentha basi," anatero, ndipo thumba lija linabwerera mmene linabwerera.

Njira zotsika mtengo zimene muyenera kuyamba mwayesa

Kukolopa ndere pansi pa boti ndi kuwongola kapena kusintha pulopela yopindika kumabweza liwiro limene ambiri amaganiza kuti linapita ndi ukalamba wa injini. Pa boti lokankha madzi, kuchepetsa liwiro ndi 10 peresenti kumachepetsa mphamvu yofunika ndi pafupifupi 27 peresenti, ndipo mafuta a pa kilomita amatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu popanda kugula chilichonse. Kwa amene ali ndi two-stroke ndipo amayenda maola ambiri pa sabata, kusamukira ku four-stroke kumapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a petulo komanso kumathetsa kugula oilo wosakaniza, amene pa muyeso wa 50:1 ndi mamililita 400 pa chigubu chilichonse cha malita 20. Ndipo ngati boti ndi lalikulu ndipo likufunadi mphamvu tsiku ndi tsiku, injini ya dizilo yokhala ndi turbo yochokera kufakitale ndi imene masamu ake amatuluka bwino.

Ngati mwatsimikiza mtima kuiika

Yambani ndi kuyeza compression ya silinda iliyonse, kutanthauza mmene pisitoni ikupanikizira mpweya. Ngati masilinda akusiyana kupitirira 10 peresenti, kapena injini ikutulutsa utsi wabuluu ndi kudya oilo, ikonzeni kaye, chifukwa supercharger imapeza malo ofooka n'kuwamaliza. Pa injini imene mapisitoni ake ndi a kufakitale musapitirire bar 0.3 kapena 0.4, ndipo musaiike popanda intercooler. Wofuna zoposa pamenepo ayenera kutsegula injini n'kuika mapisitoni olimba otsitsa compression kufika cha pa 8:1 kapena 8.5:1.

Chimene chimapha injini zoterezi ndi kugogoda, pamene petulo akuphulika yekha m'silinda m'malo moyaka mwadongosolo. M'galimoto mumakumva ngati timiyala m'chitini n'kuchotsa phazi, koma m'boti phokoso la injini, mphepo ndi mafunde zimakuphimba, moti mungadzazindikire pisitoni itabooka kale. Opanga zidazi amalamula petulo wa octane yokwera, amene saphulika yekha msanga, wofanana ndi 95 amene amagulitsidwa ku South Africa, pamene kuno pa pampu timapeza petulo wa mtundu umodzi. Choncho wokonza kompyuta achedwetse nthawi yoyatsira moto m'silinda ndipo asiye mpata wokwanira, ngakhale mahosipawa ena atayike, komanso injini ikhale ndi sensa yomva kugogoda. Pa nthawi imene mafuta akusowa, musathire m'injini yotere petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, chifukwa akakhala wosakaniza ndi palafini ngakhale pang'ono octane yake imatsika kwambiri. Kumbukiraninso kuti petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kugwira ntchito. Ethanol amakweza octane, koma ali ndi mphamvu zochepa pa lita, amadya mapaipi akale a labala ndipo amakoka madzi, choncho muike mapaipi opirira ethanol ndi fyuluta yolekanitsa madzi, ndipo musasiye petulo m'thanki miyezi yambiri.

Pali chinthu china chimene chimatikhudza ife a ku Mzuzu mwapadera. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, pamene nyanja ili pa mamita pafupifupi 475, ngakhale kuti ndi ulendo wosakwana makilomita 50 pa msewu wa M5. Injini yopanda supercharger imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 alionse okwera, chifukwa mpweya umapepuka. Tanthauzo lake n'lakuti mpweya wa ku Nkhata Bay ndi wolemerako ndi pafupifupi 8 peresenti kuposa wa ku Luwinga, ndipo kabuleta imene yachunidwa bwino m'galaja kuno ikafika kunyanja izipereka petulo wochepa poyerekeza ndi mpweya, zimene pa injini yopanikizidwa ndi njira yachidule yosungunulira pisitoni. Ntchito yomangirira ichitike kuno ngati kuli kofunika, koma kuchuna komaliza kuchitikire pamadzi, boti litanyamula katundu wake.

Zida zonse zamagetsi za m'chipinda cha injini, monga sitata ndi alternator, zikhale za maboti zosatulutsa moto kunja, osati za galimoto, popeza nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya ndipo imakhazikika pansi pa boti kudikira kamoto kamodzi. Pakamwa pa supercharger pakhale chotchinga moto, ndipo fani yotulutsa nthunzi iziyatsidwa kwa mphindi 4 musanalize injini. Musinthe impeller, kagudumu ka mapiko ka mu pampu ya madzi oziziritsa injini, musanayambe kuyesa, chifukwa mchenga wa m'magombe athu umaidya msanga ndipo injini yopanikizidwa siipirira kutentha. Dziwitsaninso a inshuwalansi ndi a dipatimenti yoona za maulendo a pamadzi kuti mphamvu ya injini yasintha, makamaka ngati botilo limanyamula anthu olipira.

Tsiku loyamba pamadzi musapite kutali ndi gombe. Mukwere pang'onopang'ono, mphindi zingapo pa mlingo uliwonse, munthu mmodzi akuyendetsa wina akuyang'ana mageji a kutentha, oilo, mphamvu imene pampu ikukankhira petulo ndi boost, kutanthauza mphamvu ya mpweya wopanikizidwa uja. Ngati geji ya mphamvu ya petuloyo yayamba kutsika pamene boost ikukwera, bwezani moto nthawi yomweyo. Mukathamanga pang'ono pa moto wonse, zimitsani injini, mumasule mapulagi ndipo muwayang'ane padzuwa: ofiirira pang'ono ali bwino, oyera mbee akusonyeza kuti petulo akuchepa, ndipo okhala ndi timadontho tonyezimira ngati mchenga wa siliva akusonyeza kuti injini yayamba kugogoda ndipo tizidutswa ta pisitoni tikuchoka. Zonse zikakhala bwino, bwerezani kuyeza kuja kwa sikelo pa milingo yomwe ija, mulembe manambala atsopano pambali pa akale, ndipo muwerengenso utali umene thanki yanu ingakufikitseni. Pa ulendo wa ku Likoma kapena ku Chizumulu mugawe mafuta patatu, gawo limodzi lopitira, lina lobwerera ndi lachitatu losunga, pogwiritsa ntchito malita pa kilomita atsopanowo, chifukwa mwera ukakupezani pakati pa nyanja boti limatsika pamwamba pa madzi n'kuyamba kulima, ndipo pamenepo limamwa kuposa nambala iliyonse imene munalemba tsiku la bata.